Nyali ya Rosili

Ku sukulu ya anamwino ya masisitere, pamwamba pa phiri la kwathu, kuli thumba lothandiza atsikana osauka limene anthu amangolitchula kuti Thumba la Nyali. Oponyamo ndalama sadziwika. Mtsikana amaphunzira, amadya, amavala, koma dzina la womulipirira samuuza. Amadzalidziwa tsiku limodzi lokha, tsiku la maliro a munthuyo. Pamenepo Sisitere Benigna, mkulu wa sukuluyo, amaitana mtsikanayo, kumupatsa nyali yoyaka, n'kupita naye kusiwa kuti akaime kumutu kwa bokosi. Anthu a m'midzi yathu akaona namwino akulowa pabwalo la maliro atanyamula nyali, safunsa. Amangodziwa kuti wagonayo anaphunzitsa mwana wa eni mwakachetechete.

Lamuloli lili ndi chiyambi chake. Kale, mwini munda wina wa mitengo ya mpira analipirira mtsikana, ndipo chaka chachiwiri anayamba kumabwera pageti kudzatenga zikomo wake. Mtsikanayo anasiya sukulu, ndipo kwawo mpaka lero satchula dzina lake. Kuchokera pamenepo masisitere anamanga mfundo: wopereka ndi wolandira akaululirana sukulu isanathe, thandizo limatha tsiku lomwelo, mtsikana n'kulongedza katundu. Ndipo asanalembe mayeso, mtsikana aliyense wa thumbali amaika dzanja pa Baibulo n'kufunsidwa ngati pakamwa pake kapena khutu lake laphwanya mfundoyo.

Rosili, mwana wa a Varkey otema mpira, analowa m'thumbali ali ndi mtima wosweka kale.

Pamene anali ku sekondale ankakwera basi yobiriwira yotsikira ku tauni ya Pala m'mawa uliwonse. Kondakitala wake anali Jaimon, mnyamata woonda, wa tsitsi lopotana, wosachedwa kuseka. M'mabasi athu belu lili ndi mawu awiri okha: likalira kamodzi, basi iime; likalira kawiri, ipite. Tsono Rosili anali wochedwa chibadwire. Ankatsika masitepe a miyala a kwawo akumanga tsitsi, nsapato ina ili m'manja, ndipo Jaimon ankagwira chingwe cha belu osachikoka, maso ali kumwamba ngati akuwerenga akhwangwala.

"Iwe, tikudikira abishopu kodi?" ankakuwa dalaivala.

"Tayala lakumbuyo likundikayikitsa, chetta," ankayankha Jaimon, pomutchula monga kwathu timatchulira achimwene aakulu. "Ndikulimvetsera kaye."

"Tayala lako lovala siketi lija? Si ilo likutsika apo!"

Basi yonse inkafa ndi phwete, Rosili n'kukwera nkhope ili pansi, belu n'kulira kawiri. Awiriwa sankalankhulana zambiri. Chikondi chawo chinali cha duwa la jasimini losiyidwa pampando wa pazenera, ndi cha maso okumana m'galasi la dalaivala. Tsiku lina akubisala mvula pasiteji, Rosili anamuuza chimene sanauzepo munthu.

"Ndimalota nditavala zoyera za unamwino. Koma ngakhale abambo atatema mitengo yonse ya m'phiri muno, ndalama zake sizingakwane."

Jaimon anangopendeketsa ambulera kuti mvula izigwera iye.

Rosili atamaliza sekondale, Jaimon anavala malaya ake a Lamulungu n'kukwera masitepe a miyala aja kukaonana ndi a Varkey. Anawapeza akuyanika mpira pachingwe, ndipo sanamupatse ngakhale mpando.

"Ulibe ndi mtengo umodzi womwe wa mpira," anatero a Varkey. "Mwana wanga udzamudyetsa chiyani, matikiti?"

Posapita nthawi basi yobiriwira inali ndi kondakitala wina, wokoka belu osayang'ana kumbuyo. Jaimon anali atapita kudziko la Aluya kukagwira ntchito yomanga nyumba zazitali, osatsanzika, osatumiza ndi mawu omwe. Rosili analira mpaka maso anatupa. Chaka chimenecho anakhala pakhomo, akuthandiza bambo ake kutolera utomoni m'zigoba za kokonati, mpaka tsiku limene abambo mfumu analengeza m'tchalitchi kuti Thumba la Nyali lamusankha.

Zaka zinayamba kuyenda. Akabwera kutchuthi ankamva mbiri ya Jaimon pachitsime, ndipo sinali yabwino. Ana a anthu ena opita kwa Aluya ankamanga nyumba za konkire ndi mageti opaka utoto wagolide. Koma kwa mai Eliyamma, mayi wamasiye wa Jaimon, kumunsi kwa mtsinje, denga la matailosi linali lomwe lija lodontha.

"Mwana uja anatayika," ankatero amayi akutunga madzi. "Ndalama zake zikuthera m'botolo. Mwinanso ali ndi kamkazi kumeneko."

Rosili ankamva n'kukhulupirira, chifukwa kukhulupirira kunkamuchepetsera ululu. Ndipo chikondi chonse chimene chinasowa kolowera anachipereka kwa munthu wosaoneka amene ankamulipirira sukulu. Ankamuganizira akuyala bedi la wodwala, ankamuganizira akutsuka zitsulo. M'maganizo mwake, tsiku lina munthuyo anali namwino wokalamba wa ku Jeremani wokhala yekha ndi mphaka. Tsiku lina anali dokotala wamaso achisoni amene anataya mlongo wake.

"Ndi nkhalamba ya dazi, ya mano oikirira," ankamunyoza Sindhu, mnzake wogona naye chipinda chimodzi. "Ikamaseka amagwera mu tiyi. Ndiye iwe uli apa kuusa moyo ngati mkwatibwi."

"Ngakhale akhale wopanda mano n'komwe, ndikufuna ndidzamuone ndi maso."

"Udzamuona, usadandaule. Atagona chagada, thonje lili m'mphuno."

Sindhu ankanena moseka, koma pamenepo ndi pamene panali munga. Belu la tchalitchi likalira pang'onopang'ono kulengeza maliro, Rosili ankaima chilili. Ankafunitsitsa kudziwa dzina lija, komanso ankadziwa mtengo wake. Chimene ankapempha kwa Mulungu chinali chimodzi: kuti adzanene zikomo m'khutu la munthu wamoyo.

Chaka chilichonse atsikana a thumbali amaloledwa kutumiza mphatso imodzi yopanga ndi manja awo, yopanda dzina, yopanda chilembo. Amaipereka kwa Sisitere Benigna, ndipo kumene imapita akudziwa ndi iwo okha. Ena ankaluka korona wopempherera, ena ankaumba maswiti a kokonati. Chaka chake choyamba Rosili anagula kathawulo kopyapyala, ka mtundu umene abambo amakoleka paphewa, n'kusokera pangodya pake kanyali ndi ulusi wa buluu. Akusoka lawi anadzibaya chala, dontho la magazi n'kugwera pansalu. Analibisa ndi ulusi wofiira, ndipo lawilo linatuluka lopendeka, ngati likuwombedwa ndi mphepo.

M'chaka chomaliza, dzuwa la mwezi wa Epulo likuphika anthu monga limachitira kwathu mvula isanayambe, anamutumiza kukaphunzira ntchito ku wodi ya odwala impso, kumene makina amasefa magazi a anthu. M'mawa woyamba namwino wamkulu anamulozera bedi la pazenera.

"Kamuyeze kuthamanga kwa magazi uyo. Usamale, ali ndi pakamwa."

Wodwalayo anali atagona chagada, mkono uli m'machubu, nkhope ataiphimba ndi kathawulo pothawa kuwala. Rosili anawerama kuti agwire mkono winawo, ndipo maso ake anagwera pangodya ya nsaluyo. Inali yakale, yothetheka ndi kuchapa. Koma kanyali ka buluu kanalipo, ndi lawi lake lofiira lopendeka.

Munthu amene anamulota zaka zonsezi anali apa, akupuma, pansi pa kansalu kamene mphepo ikanatha kuulutsa. Anatambasula dzanja, n'kulibweza. Kenaka wodwalayo anasuntha, nakoka thawulo lija yekha.

Nkhope inali yotupa, khungu lotuwa ngati phulusa, tsitsi lopotana lija litayamba kusosoka. Koma maso anali omwe aja a m'galasi la dalaivala.

Anayang'anana nthawi yaitali. Makina ankangolira okha.

"Tayala lakumbuyo," anatero Jaimon potsiriza, ndi mawu osasa. "Lero lafika nthawi yake."

"Jaimon-chetta." Rosili analoza nsalu ija. "Thawuloli..."

"A nesi, mwabwera kudzayeza magazi kapena kudzachapa?"

"Munalitenga kuti?"

"Ndinalitola pachingwe, kumsasa wa antchito. M'chipinda chathu tinkagona ngati nsomba m'chitini. Wina avala malaya ako, iwe uvala kabudula wake."

"Bodza."

"Kaya ndi bodza kaya ndi zoona, yankho langa ndi limenelo. Ndipo inu mulibe funso." Analipinda thawulo lija, kanyali n'kulowa mkati, nalilowetsa pansi pa pilo. "Mayeso omaliza ali liti?"

"Mvula ikayamba."

"Ndiye pakamwa panu musungire mvulayo."

Rosili anamanga lamba woyezera pamkono pa Jaimon. Mkono umene unkanyamula matumba a mpunga kuwaponya padenga la basi tsopano unali ngati nthambi youma. Anamva namwino wamkulu akufotokozera wophunzira wina kuti ambiri obwerera kwa Aluya amabwera chonchi: dzuwa pamutu tsiku lonse, madzi akumwa pang'ono, impso n'kuuma ngati zigoba. Mkwiyo wa zaka zonse unamubwerera pamodzi ndi misozi.

"Munapita osatsanzika," ananong'ona. "Ngakhale galu amayang'ana kumbuyo."

"Ndikanatsanzika sindikanapita."

"Kumudzi akuti ndinu chidakwa."

"Asiyeni. Mudzi wopanda chidakwa anthu amasowa chokamba pachitsime." Anayesa kuseka, koma kunatuluka chifuwa. "Zoyerazo zikukukhalani, a nesi. Kungoti kolala yapindika. Mwadzukanso mochedwa eti?"

Madzulo ake Rosili anauza Sindhu zonse, atakhala pamasitepe a kuseri kwa khitchini, tiyi akuzizira m'makapu.

"Ndiye vuto lili pati?" anatero Sindhu. "Werama ngati ukukonza pilo, umunong'oneze. Zikomo ndi mawu angati? Adzamva ndani?"

"Ndidzamva ine. Ndipo ndisanalembe mayeso dzanja ili lidzakhala pa Baibulo."

"Inu Akhristu ndi malumbiro anu! Nama kamodzi, ukalapa Loweruka."

"Nanga iye? Nayenso amamufunsa. Munthu ali pakhomo la imfa, ndimunamitse pamaso pa Mulungu?"

Sindhu anamukokera paphewa pake.

Mawa lake Rosili anakagogoda kwa Sisitere Benigna. Anawapeza akudulira maluwa a paguwa, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

"Sisitere, mtsikana akamakayikira munthu wina..."

"Kukayikira kulibe mlandu, mole, mwana wanga," anamudula, osatukula mutu. "Za mumtima mwako ndilibe kiyi wake. Koma khutu langa likamva kuti mawu atuluka, dzanja langa lidzachita zimene linalumbira."

"Nanga ngati munthuyo akudwala? Sindingamubwezere chimene chatsala, kuti adzithandize nacho?"

"Choponyedwa m'thumba sichibwerera kwa mwini wake. Ukachoka iwe chimapita kwa mtsikana wina. Iwe utuluka chimanjamanja, iyenso chimanjamanja."

"Akamwalira ndisanamuuze?"

Sisitere anaika lumo pansi. Anamuyang'ana ndi maso amene anaperekeza atsikana ambiri kumaliro a anthu osawadziwa.

"Ukalemba pepala lomaliza palibe angakulongedzetse, mwana wanga. Kuyambira pamenepo pakamwa ndi pako. Pempherera kuti mvula ifulumire."

Ndipo Rosili anayamba kupempherera mvula. Anthu ena ankaifuna chifukwa cha minda ndi zitsime; iye ankaifuna chifukwa cha mawu amodzi. M'mawa uliwonse ankayang'ana kumadzulo, kumene mitambo imachokera kunyanja, n'kupeza thambo lili mbee.

Jaimon ankabwera pamakina masiku ena pamlungu, atakwera basi yobiriwira yomwe ija, ndipo akuti dalaivala ankakana kumulipiritsa. Rosili anaphunzira kulankhula popanda mawu. Ankafunditsa manja ake asanamugwire. Ankamusungira bedi la pazenera. Tsiku lina anasiya duwa la jasimini papilo, ndipo Jaimon atalipeza anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Chipatala chino chili ndi mizukwa yokonda maluwa," anatero. "Ndikadandaula kwa akuluakulu."

"Kadandauleni. Mzukwawo ulibe manyazi."

Ankanyozana choncho, ngati anthu a m'basi, ndipo pansi pa nthabwala iliyonse panali chinthu chimene onse awiri ankachizungulira ngati dzenje la pamsewu. Koma mlungu uliwonse Jaimon ankachepa. Mapazi anatupa mpaka nsapato zinakana. Nthabwala zinayamba kuthera pakati.

Tsiku lomaliza la Rosili ku wodi imeneyo, mitambo inali itayamba kuunjikana, mphepo ikununkha dothi. Anachotsa lamba pamkono pa Jaimon, koma sanachoke. Anaona mmene mitsempha ya m'khosi mwake inkagundira mofooka, ndipo monga namwino anadziwa chimene mtima wake unkakana. Anaganiza za satifiketi, za bambo ake, za zaka zonse zija, ndipo zonse zinamuonekera zopepuka ngati mankhusu.

"Chetta," anatero, atawerama pafupi. "Sindingathenso. Andichotse ngati akufuna. Ndili ndi mawu amodzi okha."

Jaimon anatsegula maso. Pakabati panali supuni ya mankhwala. Anaitenga n'kugogoda chitsulo cha bedi.

Kawiri.

"Basi ikuyenda satsika," anatero. "Wakwera kuchokera kutali, Rosili. Ukadumpha pano, siteji ikuonekera apo, ndiye kuti kondakitala anavutikira chiyani?"

Kanali koyamba kumutchula dzina chibwerere. Rosili analuma mlomo mpaka anamva mchere wa magazi.

"Mudzandidikira?"

"Ine? Ndi liti pamene sindinakudikire?" Anamwetulira, ndipo kwa kanthawi nkhope yakale ija inabwerera. "Ukalemba pepala lomaliza ubwere kunyumba. Amayi adzaphika chinangwa ndi nsomba ya tsabola. Udzanene zonse, mpaka ndigone ndi kutopa. Pita tsopano. Ndipo usakachedwe kumayeso, kulibe wogwira chingwe kumeneko."

Mvula inabwera, yamphamvu, yogwetsa nthochi ndi kudzaza mtsinje. Rosili anaika dzanja pa Baibulo nayankha ndi mtima woyera kuti sanauze munthu, ndipo munthu sanamuuze. Analemba mapepala ake limodzi limodzi, akumva mvula ikuwomba mazenera. Masiku amenewo ophunzira satuluka pageti, ndipo iye sanafunse za kumudzi, poopa yankho.

Tsiku la pepala lomaliza anamaliza masana. Anathamangira kuchipinda, navala diresi yake yachikasu, natchola jasimini wonyowa kuseri kwa tchalitchi.

"Taonani mkwatibwi!" anakuwa Sindhu pazenera. "Ukamuuze kuti ine ndinamuyesa wa mano oikirira!"

Rosili anaseka, kuseka kwake koyamba m'miyezi yambiri, natsika masitepe awiriawiri. Mawu aja anali okonzeka palilime. Anali atawayeserera m'bafa, m'tchalitchi, pamzere wa chakudya. Akanayamba ndi zikomo, kenaka ena onse akanatsatira okha.

Pakhonde anapeza Sisitere Benigna ataima, galimoto ya masisitere ikulira pafupi. M'manja mwawo munali nyali yadothi, lawi lake ataliteteza ndi chikhatho.

"Kavale zoyera zako, mole," anatero.

Jasimini uja anagwera m'matope.

Mwambo wake ndi wakuti dzina silitchulidwa mpaka mutafika. Rosili anakhala kumbuyo kwa galimoto, nyali ili pamiyendo, Sisitere ali pambali pake akuwerenga korona. Mitengo ya mpira inkadutsa pazenera, iliyonse itavekedwa kasiketi ka pulasitiki kuti mvula isalowe pabala lotulukira utomoni. Ndipo Rosili anapemphera pemphero limene sanaganizepo kuti angapemphere. Ambuye, zikhale kuti ananena zoona. Zikhale kuti thawulo lija analitoladi pachingwe. Akhale munthu wina, mlendo wa kumsasa, aliyense. Ankadziwa kuti akupempha imfa ya mwana wa mayi wina, koma sanasiye.

Anadutsa msika. Anadutsa masitepe a miyala a kwawo. Kutsogolo kunali mphambano ya pamtanda, pamene msewu waukulu umapitirira kumidzi ya kutali, ndipo wina waung'ono umakhotera kumanzere kutsikira kumtsinje. Rosili anayang'anitsitsa manja a dalaivala. Pitirira, anatero mumtima, pitirira, pitirira. Galimoto inayamba kuchepetsa liwiro. Mwina n'chifukwa cha madzi a pamsewu, anadziuza. Kenaka manja aja anazungulira kumanzere.

"Dzulo m'mawa," anatero Sisitere Benigna motsitsa. "Anandipempha kale kuti zikachitika m'kati mwa mayeso, ndisakuuze mpaka utaika cholembera pansi."

Pabwalo la mai Eliyamma anali atamanga tenti ya pulasitiki ya buluu. Basi yobiriwira inaima m'mbali mwa msewu, yopanda anthu. Amayi ankaimba nyimbo ya maliro m'nyumba, abambo ataunjikana pansi pa maambulera. Rosili anatsika, Sisitere akumuphimba ndi ambulera, nayamba kuyenda.

Woyamba kuona anali mayi wina wa pachitsime paja. Anagwira mnzake pamkono.

"Nyali!"

"Nyali? Kwa Jaimon?"

Mawuwo anayenda pabwalo ngati moto wa m'udzu, ndipo kumbuyo kwake kunatsala chete. Anthu anapatuka. Amene ankamutcha chidakwa anayang'ana zala zawo zakumapazi. Pafupi ndi khomo panaima a Varkey, obwera kumaliro monga mnansi aliyense. Anayang'ana nyali, nayang'ana mwana wawo, nayang'ana khomo la nyumbayo. Ambulera yawo inatsika pang'onopang'ono mpaka inagunda pansi, ndipo anaima choncho, mvula ikuwatsikira kumaso.

M'nyumba munali miphika, mabeseni ndi zitini, zoikidwa paliponse pamene denga linkadontha. Bokosi analiika pakona pokhapo pouma. Jaimon anagona atavala zoyera, maluwa atazungulira mutu wake, nkhope itaphwa, ngati mnyamata wa m'basi uja wangotopa. Pansi pa manja ake, pamodzi ndi mtanda, panali kathawulo kakale.

Nyimbo inaduka. Mai Eliyamma, amene anakhala pansi kumutu kwa bokosi tsitsi lili nyankhalala, anatukula maso. Anayang'ana Rosili kuyambira kunsapato zoyera mpaka kukachipewa, ndipo anatenga nthawi.

"Ndiwe eti," anatero.

Rosili anaweramitsa mutu, ndipo mayiwo anapitiriza.

"Zaka zonsezi ndimamutukwana. Akaimba foni ndimati, ana a anzanga amanga nyumba, iwe ndalama ukumwera chiyani? Iye kumangoseka. Amvekere, ammachi, mayi anga, ndikumanga, kungoti simukuiona." Analoza kudenga, kumene kuwala kunkalowera pakati pa matailosi osweka. "Thawulo ilo anati ndimuike nalo. Ndimayesa n'la mkazi wa kumeneko. Ndinatsala pang'ono kuliponya pamoto."

Anadzuka movutikira, akugwira m'mphepete mwa bokosi, naima pamaso pa Rosili. Anali wamfupi, wofika paphewa pake.

"Ndiwe denga la nyumba yanga," anatero mai Eliyamma. "Ndiwe impso za mwana wanga."

Panalibe amene akanatha kunena ngati linali temberero kapena dalitso. Mwina mayiwo sankadziwanso. Rosili anagwada pansi ponyowa, nyali ili m'dzanja limodzi. Anayandikiza pakamwa pake kukhutu la Jaimon, monga anakonzera masiku onse aja.

"Zikomo, chetta," anatero.

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri. Madontho a m'miphika anali ndi phokoso kuposa iwo. Ena onse amene anawasunga, aja akanatsatira okha, anakana kubwera, chifukwa anali mawu ofuna yankho. Anadikira, ngati mwina munthu uja atsegula diso limodzi n'kunena za kolala yopindika. Kenaka anapinda chala nagogoda thabwa la bokosi, kamodzi kokha.

"Ndafika," ananong'ona, nagwira dzanja la Jaimon. "Imani tsopano."

Mphepo inawomba, ndipo denga linatsegula bala latsopano pamwamba pawo penipeni. Dontho loyamba linagwera pamkono wa Rosili. Lachiwiri linagwera m'mafuta a nyali, lawi n'kuthetheka, n'kupendeka, n'kuchepa mpaka kukhala kambewu ka buluu. Rosili analibe dzanja lina; linali litagwira la Jaimon ndipo silinafune kulisiya.

Mai Eliyamma anayang'ana lawi likufa. Anayang'ana mwana wawo. Kenaka anakoka nsonga ya nsalu yawo yoyera, naitambasula pamwamba pa nyali ndi pamutu pa mtsikanayo, naima choncho, mvula ikuwagwera pamsana.

"Gwira bwino, mole," anatero. "Anailipira modula."